Mankhwala a ziphuphu akuumitsa khungu koma nkhope ikuwalabe mafuta, ndisiye kapena ndipitirize?

Tadala_A25
Abale anga pagulu pano ndithandizeni. Ndikudzola benzoyl peroxide wa 10% yemwe ndinagula ku famase ina mu Old Town, m'mawa ndi madzulo. Ziphuphu za mafinya zija zachepako, sindinganame. Koma khungu la m'mbali mwa mphuno ndi kuzungulira pakamwa layamba kusupuka, ndikaseka likumveka kukoka. Chomwe chikundizunguza n'chakuti pofika 11 koloko ndili kuntchito, chipumi chimakhala chitawala kale mafuta. Ndikayankha foni, galasi lake limatsala noninoni. Ndiye mankhwalawa amachepetsa mafuta kapena akuwonjezera? Mnzanga akuti ukaumitsa khungu thupi limabwezera potulutsa mafuta ambiri kuposa kale.

Mwana_wa_Kawale
Mnzanuyo akunena zoona asisi. Khungu likauma limatulutsa mafuta owirikiza. Siyani msanga lisanaonongeke.

NaPhiri47
Asiye bwanji pomwe wanena yekha kuti ziphuphu zachepa? Iwe Tadala, unagula mankhwala a ziphuphu kapena a mafuta? Yamba wayankha pamenepo.

Tadala_A25
A ziphuphu, anti. Koma ine ndimadziwa kuti ziphuphuzo zimabwera ndi mafuta, ndiye ndimayembekezera kuti zonse zichokera limodzi.

WaFamase_LL
Funso ili ndimalimva pafupifupi tsiku lililonse pa kauntala, choncho ndiloleni ndifotokoze motalikirapo.

Pansi pa kabowo kalikonse komwe pamamera kaubweya pali kathumba kopanga mafuta. Pankhope ndi m'mutu timatumbati tilipo tambiri zedi, 400 mpaka 900 pa kamalo ka sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi, pomwe m'chikhatho ndi kunsi kwa phazi mulibe n'kamodzi komwe. Chomwe chimalamula timatumbati kuti tipange mafuta ochuluka kapena ochepa ndi mahomoni otchedwa androgen, monga testosterone. Amuna ndi akazi omwe ali nawo. N'chifukwa chake mwana wa zaka 7 sawala nkhope, koma akangotha msinkhu mafuta amayamba.

Chiphuphu chimafuna zinthu zingapo kuti chituluke. Mafutawo akhalepo, kabowo katsekeke ndi tizidutswa ta khungu lakufa, bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes achulukane m'kati mwa kabowo kotsekekako, kenako pamatupa ndi kuchita mafinya. Benzoyl peroxide ntchito yake yaikulu ndi kupha bakiteriyayo, ndipo amathandizako kutsegula timabowo. Kathumba kopanga mafuta kaja sakakhudza. Kusupuka komwe mukuona ndi khungu la pamwamba lomwe lataya madzi chifukwa mankhwalawo ndi aukali. Ndiye n'zotheka ndithu kuti munthu mmodzi yemweyo akhale ndi khungu losupuka komanso lowala mafuta, chifukwa kuuma kukuchitika pamwamba pomwe mafuta akuchokera pansi. Mankhwala akugwira ntchito yomwe anapangidwira, achemwali. Vuto n'lakuti 10% kawiri patsiku yachuluka.

Mwana_wa_Kawale
Koma bwana, ine ndinadzionera ndekha. Nthawi yomwe ndinkasukusula ndi sopo wochapira uja wobiriwira, nkhope inkawala kwambiri kuposa pano. Mukuti ndi maso anga?

WaFamase_LL
Ayi achimwene, maso anu sanakunamizeni, koma chifukwa chake n'china. Timatumba tija tilibe njira yodziwira kuti pamwamba pauma. Ganizirani chitsime cha m'dambo: mukatunga madzi onse m'mawa, pofika masana chimadzadzanso. Sikuti kasupe wakwiya n'kuwonjezera madzi, akungotuluka pa mlingo wake womwewo. Mukachotsa mafuta onse ndi sopo waukali, m'maola ochepa amabwerera pomwe anali. Kusiyana pakati pa nkhope yotuwa ya 6 koloko ndi yowala ya masana kumakhala kwakukulu, ndiye mumaona ngati awonjezereka. Komanso khungu lopsa ndi sopo limatupako, limayabwa, munthu amaligwiragwira, ziphuphu n'kuchuluka.

Mwana_wa_Kawale
Ine sindikukhutitsidwa. Anthu ambiri pa TikTok akunena zomwe ndikunenazi.

NaPhiri47
Ambiri mwa iwo ali ndi botolo lomwe akugulitsa kumapeto kwa kanemayo.

Kabaza_Biwi
Ine funso langa lili pa nyengo. Mu June ndi July nkhope yanga imakhala bwinobwino, mwinanso yotuwa ndi mphepo ija. Koma ikafika October, ndikangopanga maulendo awiri a ku Area 23 ndi ku depoti, ndikavula chipewa cha njinga chipumi chonse chimakhala chonata, ndipo tiziphuphu timandandalika pomwe chipewa chimagunda komanso pachibwano pomwe pamadutsa lamba. Ngati ndi mahomoni, amadziwa bwanji kuti ndi October?

Nesi_Wopuma
Mwana wanga wa kabaza, zako zili pawiri. Kukatentha mafuta amasungunuka, amatuluka mosavuta n'kufalikira pankhope, ndiye akasakanikirana ndi thukuta ndi fumbi la mseu nkhope imanata. Thukuta ndi mafuta si chinthu chimodzi, zimachokera m'timatumba tosiyana. Chachiwiri ndi chipewacho. Pomwe pamakhuzika ndi kufundidwa tsiku lonse timabowo timatsekeka. Uzichapa kansalu ka m'kati mwa chipewa ndi lambayo, kapena uzivala kaduku kopyapyala ka kotoni m'kati n'kumakasintha tsiku ndi tsiku. Masana ukapeza mpopi sukusula ndi madzi okha. Chipewa chokhacho usasiye, mutu ulibe sipeya.

Kabaza_Biwi
Zikomo amayi. Chipewa sindingasiye. Kansaluko ndiyamba lero lomwe.

Dada_Chinsapo
Inu mukuvutikiranji ndi mankhwala a mayina ovuta? Mandimu ndi kasoda pang'ono, kupaka usiku. Pachiphuphu chachikulu kuikapo mankhwala otsukira mano. Mafuta onse phwa.

Mphunzitsi_Mchesi
A Dada, chonde musalangize ana zimenezo. Ndimaphunzitsa ku sekondale ndipo ndimaona nkhope za atsikana a Fomu 2 zitapsa ndi mandimu. Pamatsala mawanga akuda bii pamasaya, ena ooneka ngati pomwe madzi a ndimu anayenderera. Madzi a ndimu akakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa amawotcha. Khungu lathu lakudali likapsa kapena kutupa limasiya banga, ndipo bangalo limakhala miyezi yambiri chiphuphu chitapola kalekale. Mtsikana wina anasiya kukweza dzanja m'kalasi temu yonse chifukwa sankafuna anzake amuyang'ane. Zimandipweteka mtima kwambiri.

Dada_Chinsapo
Ine zinandithandiza.

Nesi_Wopuma
Mwina zinangotha ndi msinkhu, bambo. Achinyamata pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse amadutsamo, ndipo ambiri zimawachepera okha akamakula. Chomwe unkadzola nthawi imeneyo ndi chomwe chimatenga ulemu.

Chiko_A18
Nanga mtedza? Amayi anandiletsa chiponde ndi ndiwo zotendera kuyambira ndili Fomu 1. Mpaka pano ndikaona nkhwani wotendera ndimachita mantha.

Gogo_wa_Likuni
Ife tinakula ndi nsinjiro tsiku ndi tsiku ku Mitundu, nkhope zathu zinali see. Idya mwanawe.

WaFamase_LL
Mafuta a mu mtedza sayenda kuchoka m'mimba kukatulukira pachipumi. Timatumba tija timapanga tokha mafuta ake. Zomwe akatswiri amaziloza kwambiri ndi zakudya zokweza shuga m'magazi mofulumira, monga zakumwa zotsekemera, masikono, mandasi ndi tiyi wa masipuni anayi, komanso mkaka kwa anthu ena. Shuga akakwera, homoni yotchedwa insulin imakwera, ndipo imeneyo imalimbikitsa timatumba ta mafuta. Koma musaganize kuti kusala zakudya kokha kungachotse ziphuphu zazikulu.

Bro_Kanengo
Kunena zoona, mankhwala ake ndi banja basi. Akulu anati ndi magazi ochuluka.

NaPhiri47
Bodza limenelo laononga ana ambiri. Anyamata amalinena pofuna kunyengerera atsikana, mapeto ake mimba kusukulu, ziphuphu zili pompo. Ine ndili pabanja, ana atatu, ndipo zimanditulukabe pachibwano ndikatsala pang'ono kupita kumwezi. Tisamaseweretse nkhani imeneyi pagulu lomwe pali ana asukulu.

Admin_Gulu
A Bro_Kanengo, zimenezo ayi. Tibwerere ku funso la a Tadala.

Tadala_A25
Zikomo a Admin. A WaFamase, ndamva kuti benzoyl sachepetsa mafuta. Nanga adapalene? Ndinawerenga kuti ameneyo ndiye amaumitsa timatumbato. Ndisinthe?

WaFamase_LL
Apa m'pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Adapalene wa 0.1% ndi tretinoin wa 0.025% kapena 0.05% ali m'gulu la ma retinoid, pamodzi ndi isotretinoin wakumwa. Popeza wakumwayo amafwetsadi timatumba ta mafuta, anthu amaganiza kuti odzolawo amachitanso chimodzimodzi. Sizili choncho. Odzolawa amakonza momwe khungu la m'kati mwa kabowo limafundukira, kuti lisamamatirane n'kutseka njira. Mafuta amatulukabe, koma amatuluka momasuka osaunjikana. N'chifukwa chake amathandiza kwambiri pa timitu takuda tija ta pamphuno ndi tiziphuphu toyera tosapweteka ta pachipumi, ndiponso amathandiza mawanga kuzilala. Ena amati nkhope imawala mochepako akamadzola, koma musagule ndi chiyembekezo choti mafuta atha.

Salicylic acid wa 2% amasungunuka m'mafuta, choncho amalowa m'kabowo n'kukatsuka. Nkhope imaoneka youma kwa kanthawi, koma kapangidwe ka mafuta sikasintha. Clindamycin wa 1% ndi wa bakiteriya basi, ndipo sayenera kudzoledwa yekha kwa nthawi yaitali chifukwa bakiteriya amamuzolowera, n'chifukwa chake amamuphatikiza ndi benzoyl. Azelaic acid wa 15% kapena 20% ndimamukonda pa khungu lathu chifukwa amagwira ziphuphu ndi mawanga omwe, koma nayenso mafuta sawatseka.

Mwa odzola onse, amene anapangidwa kuti alimbane ndi mahomoni pakhungu pomwepo ndi clascoterone wa 1%, yemwe anavomerezedwa ku America mu 2020. Amatchinga androgen kuti asafike pa kathumba ka mafuta. Ndi watsopano komanso wodula, si wongolowa mu famase iliyonse n'kumupeza.

Ndiye musayeze mankhwala anu poona kuwala kwa chipumi. Yezani poona ngati ziphuphu zatsopano zikuchepa, ndipo muwapatse masabata 8 mpaka 12.

Chiko_A18
Masabata 12! Ine ndimasintha sabata ziwiri zilizonse ndikaona kuti sizikuyenda.

Nesi_Wopuma
Ndiye palibe mankhwala omwe unawapatsa mpata. Chiphuphu chomwe ukuchiona lero chinayamba kupangika pansi masabata angapo apitawo. Adapalene poyamba amathanso kuoneka ngati wazichulukitsa, ambiri amasiyira pomwepo.

Ndiwonjezere chimodzi chomwe a WaFamase sanatchule. Mayi woyembekezera, kapena amene akufuna kutenga pathupi, asadzole adapalene kapena tretinoin. Doxycycline wakumwanso ayi. Azelaic acid ndi amene amaloledwa nthawi imeneyo, komabe afunse kaye ku sikelo.

Thoko_Gateway
Nanga niacinamide amene aliyense akugulitsa pa WhatsApp? Ine ndikudzola ndipo ndikuona kuti masana sindikuwala ngati kale.

WaFamase_LL
Niacinamide ndi mtundu wa vitamini B3. Pali umboni wochepa wosonyeza kuti amachepetsako mafuta ofika pamwamba pa khungu, ndipo ambiri samawawotcha. Ngati akukuyanjani pitirizani. Kungoti kusintha kwake n'kochepa, sangalowe m'malo mwa mankhwala enieni pa ziphuphu zamafinya. Chenjezo langa lili pa timabotolo topanda dzina la kampani, topanda tsiku lotha ntchito, tosakanizidwa kunyumba kwa munthu. Simudziwa zomwe zathiridwamo.

Mai_a_Yami
Pamenepo ndiime kaye, chifukwa zinachitika m'nyumba mwanga. Mng'ono wanga anali ndi tiziphuphu tochepa, koma ukwati wa msuweni wathu unayandikira ndipo anali mmodzi wa operekeza mkwatibwi. Mayi wina wogulitsa zodzoladzola pamsika wina m'tauni muno anamupatsa kachubu, akuti n'ka ziphuphu, n'kumuuza kuti asakanize ndi losheni. Sabata yoyamba zinali zodabwitsa. Kufiira konse kunatha, nkhope inasalala n'kuyera, aliyense paukwati ankamufunsa chomwe akudzola. Anapitiriza kugula.

Patapita miyezi nkhope inadzadza tiziphuphu tating'ono tofanana kukula, mpaka pakhosi ndi pachifuwa. Khungu la m'masaya linapyapyala moti timitsempha tinkaonekera, akakhala padzuwa pang'ono limawawa. Akayesa kusiya, nkhope imatentha ndi kuyabwa usiku wonse mpaka abwerere ku kachubu kaja. Titapita nako kuchipatala, adokotala anawerenga timalemba tating'ono kumbuyo, munalembedwa clobetasol. Anatiuza kuti ndi steroid wamphamvu kwambiri, wa matenda ena a khungu, wosayenera kudzola kumaso mwachisawawa. Zinatenga nthawi yaitali kuti khungu libwerere, ndipo mwanayo analira kwambiri. Chonde werengani kumbuyo kwa chubu. Mukaona clobetasol kapena betamethasone, si mankhwala a ziphuphu amenewo.

Dada_Chinsapo
Pepani amayi. Komano a boma ali kuti zinthu zimenezi zikugulitsidwa poyera?

WaFamase_LL
Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi PMRA, ndipo munthu ukhoza kukadandaula kumeneko. Ma steroid amphamvu chotere amayenera kuperekedwa ndi chilolezo cha dokotala. Pepani kwambiri a Mai_a_Yami. Zomwe mwafotokozazo ndi momwe zimayendera: steroid amaziziritsa kutupa, ndiye poyamba munthu amaona ngati wapeza mankhwala, kenako iye yemweyo amabweretsa ziphuphu zake. Amene wadzola nthawi yaitali asangodula lero ndi lero payekha, apite kuchipatala akamuthandize kusiya mwadongosolo. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhalanso ndi hydroquinone, yemwe akadzoledwa zaka zambiri amasiya mawanga akuda obiriwirako m'masaya, ovuta kwambiri kuchotsa.

Gogo_wa_Likuni
Ana inu, khungu lakuda si matenda.

Lusungu_49
Ndifunseko zanga, mwina zikugwirizana. Sindinakhalepo ndi ziphuphu ngakhale ndili kusukulu. Nditabereka ndinayamba kubayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu, ndipo kuchokera pamenepo nkhope ikuchita mafuta komanso zikutuluka m'nsagwada. Ndadzola benzoyl, sizikusintha kwenikweni. Kodi zikugwirizana kapena ndikungoganiza?

Nesi_Wopuma
Sukungoganiza mwana wanga. Njira zolera za homoni imodzi ya progestin, monga jakisoni wa Depo ndi zoika pamkono za Jadelle kapena Implanon, zimatha kuwonjezera mafuta ndi ziphuphu kwa amayi ena, ngakhale si onse. Mapiritsi olera a mahomoni awiri amachita mosemphana, amachepetsa mphamvu ya androgen ndipo ambiri mafuta amawachepera pakatha miyezi ingapo. Koma mapiritsiwo si a aliyense. Wa BP yokwera, wa mutu waching'alang'ala wamtundu wina, wosuta wopitirira zaka 35, amene anadwalapo kuundana kwa magazi, kapena amene wangobereka kumene ndipo akuyamwitsa, anesi amayamba aunika kaye. Usasiye kulera chifukwa cha nkhope. Tenga buku lako la kuchipatala, pita komwe umabayitsa ukawafotokozere, mukasankhe limodzi.

Ndipo kwa atsikana ena pagulu pano: ngati ziphuphu za m'nsagwada zikubwera limodzi ndi kusamba kodumphadumpha komanso tsitsi lomera pachibwano, kayezetseni. Pali vuto la mahomoni lotchedwa PCOS lomwe zodzola zokha sizingalithetse.

Lusungu_49
Zikomo kwambiri amayi. Tsiku langa lobayitsa layandikira, ndikawafunsa.

Bro_Kanengo
Chabwino, ndifunse zenizeni tsopano. Ine zimandituluka m'khosi ndi m'masaya ndikangometa ndevu. Ndi mafuta omwewo?

Ometa_Mchesi
Zimenezo ndimaziona daily mu shopu. Nthawi zambiri si ziphuphu za mafuta, ndi ndevu zomwe zapindika n'kulowanso m'khungu. Tsitsi lathu ndi lopotana, ukalidula ndi lezala mpaka pansi limamera mokhota. Muzimeta ndi mashini n'kusiyako pang'ono, motsata komwe ndevu zaloza, ndipo muonetsetse kuti ometayo watsuka mashini. Chinanso, anyamata ambiri amapaka mafuta a tsitsi olemera kuti mutu uziwala, ndiye amatsikira pachipumi ndi thukuta. Tiziphuphu tondandalika m'mphepete mwa tsitsi timachokera pamenepo. Kwa amayi ndi chimodzimodzi ndi jelo wogonekera tsitsi la kutsogolo.

Mwana_wa_Kawale
Ndiye mukutanthauza kuti palibe chochotseratu mafuta? Tizingowala mpaka kale?

WaFamase_LL
Chilipo, koma n'chakumwa ndipo si chamasewera. Isotretinoin, yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1982, amafwetsa timatumba ta mafuta ndipo amatha kuchepetsa mafuta ndi pafupifupi 90% nthawi yomwe munthu akumwa. Amaperekedwa kwa omwe ali ndi ziphuphu zikuluzikulu zolowa m'kati, zosiya zipsera, kapena zomwe zakana mankhwala ena. Milomo imang'ambika, maso ndi m'mphuno mumauma, ndipo dokotala amafuna kuyeza magazi kuti aone chiwindi ndi mafuta a m'magazi. Choopsa kwambiri n'chakuti mayi akatenga pathupi akumwa mankhwalawa, mwana amatha kubadwa ndi zilema zazikulu kapena pathupi kuchoka. N'chifukwa chake amafuna kuyeza mimba ndi kulera kodalirika, ndipo womwa saloledwa kupereka magazi. Osaitanitsa kwa m'bale wa ku Johannesburg n'kumamwa panokha. Kwa amayi palinso spironolactone, piritsi lotchinga androgen, lomwenso limafuna dokotala.

Koma achimwene, kungowala nkhope popanda ziphuphu zazikulu si chifukwa chomwera isotretinoin. Mafutawo ali ndi ntchito, amateteza khungu kuti lisataye madzi. Mu July muno mumzinda wa mphepo ndi fumbi, a khungu lamafuta savutika ndi kung'ambika ngati anzawo.

Mwana_wa_Kawale
Pa kubwezera paja sindinagonjebe. Koma za isotretinoin ndamva.

Thoko_Gateway
Ine masana ndimangotenga tishu, n'kugunditsa pachipumi ndi pamphuno osapukuta mokhula. Kenako kapaudala pang'ono. Zimandifikitsa 5 koloko.

Tadala_A25
Ndiye pa ine ndichite chiyani kwenikweni? Ndili ndi chubu cha 10% chomwe sichinathe, ndipo ndalama yogulira china pakadali pano palibe. Komanso ndimaopa kudzola losheni chifukwa ndi mafutanso.

WaFamase_LL
Pumulani masiku ochepa mpaka kusupuka kuleke. Mukayambiranso, dzolani kamodzi patsiku, pang'ono kwambiri, mopyapyala pamalo onse omwe zimatuluka, osati pachiphuphu pokha. Popeza muli ndi wa 10%, mukhoza kumusiya pankhope mphindi zochepa kenako n'kutsuka, amaphabe bakiteriya koma sawotcha kwambiri. Pewani m'mbali mwa mphuno, m'makona a milomo ndi kuzungulira maso. Chubucho chikatha mugule wa 2.5% kapena 5%, amagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi wa 10% koma mosapweteka khungu.

Losheni musaiope. Khungu lanu likusowa madzi pamwamba ngakhale lili ndi mafuta. Sankhani yopepuka, yopanda fungo lamphamvu, yolembedwa kuti non-comedogenic, kutanthauza yosatseka timabowo ta khungu. Sichititsa kuti mafuta achuluke kapena achepe, imangothandiza kuti mupirire mankhwala mpaka agwire ntchito. Kusukusula kawiri patsiku n'kokwanira, ndi sopo wofatsa, ndi manja, osati chinkhupule kapena mwala. Ngati mawanga akukuvutani, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 amathandiza kuti asade kwambiri.

NaPhiri47
Ndipo usamale zovala. Benzoyl amasukulutsa nsalu. Udzole utavula bulauzi ya kuntchito, usambe m'manja bwinobwino usanagwire thaulo, ndipo pilo umuveke nsalu yoyera kapena chitenje chakale.

Tadala_A25
Eee, n'chifukwa chake kolala ya yunifomu yanga yachita mawanga achikasu. Ndimaganiza kuti ndi sopo. Zikomo anti.

Mphunzitsi_Mchesi
Amayi a Nesi, ndifunsire ana anga. Pali mnyamata wa Fomu 4 yemwe ali ndi zotupa zikuluzikulu m'masaya ndi kumsana, zina zikusiya maenje. Makolo ake sangakwanitse chipatala cholipira. Ayambire pati?

Nesi_Wopuma
Ameneyo asataye nthawi ndi zodzola zokha, chifukwa maenjewo akapangika sabwerera. Ayambire kuchipatala chaching'ono cha boma chomwe ali nacho pafupi, monga cha Kawale, atatenga buku lake. Akamuona kumeneko akhoza kumuyambitsa mapiritsi monga doxycycline, amene amamwa kwa miyezi pafupifupi itatu limodzi ndi zodzola, ndi madzi ambiri ndipo osagona atangomwa. Zikakanika amulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, komwe kuli oona za khungu. Akanene mankhwala ena alionse omwe akumwa, chifukwa ena monga prednisolone, isoniazid wa TB ndi ena a khunyu amatulutsa zotupa zofanana ndi ziphuphu. Ndipo mumuuze asamafinye, makamaka zazikuluzo, mafinya amaphulikira m'kati n'kukulitsa chilonda.

Mphunzitsi_Mchesi
Ndalemba zonse. Ndiyankhula ndi makolo ake Lolemba kuti amuperekeze.